Timitengo ta Akapitawo Tachita Chikasu

Tsamba loyamba analiona ali ndi mswachi kukamwa. Make Kasingano anali atatuluka pakhonde m'mawa kuti alavule thovu, ndipo ataponya maso pa mzere wa timitengo ta amuna ake, anangoti kakasi. Pa kamtengo ka kumapeto, pafupi ndi geti, panali tsamba lachikasu. Limodzi lokha, abale, koma mayiyu thovu lija analimeza.

Amuna akewo aliyense ankawatchula kuti Akapitawo, chifukwa anali kapitawo pa kampani yomanga misewu. Anzawo akuntchito ankatero, oyandikana nawo nyumba ankatero, ngakhale mayi awo owabereka, amene anawasinthapo matewera, nawonso ankati Akapitawo. Munthuyu anali ndi chinthu chimodzi chimene ankachikonda ndi mtima wonse, ndicho timitengo ta maluwa. Anatidzala okha kunyumba yakale, n'kumatidulira ndi sizasi imene wina aliyense sankaloledwa kuikhudza, mpaka tinafika m'chiuno, masamba ali biriwiri, maluwa ali psuu. Tsiku losamuka, timitengo ndi timene tinayamba kukwera lole, mizu yake itakulungidwa m'masaka onyowa. Bedi ndi makina osokera a mkazi wawo zinachita kupanikizidwa pamalo potsala.

Anatiwokera m'mbali mwa mpanda wa nyumba yatsopanoyo, kuchita kuyeza ndi chingwe ngati akulambula msewu. Atangomaliza, kampani inawatumiza kukagwira ntchito kutali. Chikwama chili paphewa, anaima pageti n'kuyang'ana mkazi wawo.

"Ndatisiya tili moyo," anatero. "Ndidzatipeze tili moyo."

Sanakweze mawu. Akapitawo sankakalipa, ndipo bola akanakhala wokalipa, chifukwa munthu wokalipa umadziwa pomwe wafika. Iwo chinthu chikawanyansa ankatseka chitseko cha kuchipinda bwinobwino, kukweza wailesi, kuvula wotchi n'kuiika pa tebulo kuti isasweke. Shati imene inapsa ndi simbi chaka chatha ndi imene inachititsa kuti khutu lakumanzere la Make Kasingano lizimva ngati lili m'madzi. Tsopano ngati shati inadula khutu, timitengo tidzadula chiyani?

Chomwe chinkamutonthoza n'chakuti mwana wake sankadziwa kanthu. Mtsikanayo anali atangoyamba sekondale, wowonda komanso wamtali, n'chifukwa chake kuyambira ali wamng'ono makasitomala a mayi ake anamupatsa dzina loti Kasingano. Wailesi ija inkakhala yokwera kwambiri, ndipo m'mawa mayi ake ankadziwa kumanga mpango moti ubise pofunika kubisa. Munthu wina m'nyumbamo anali apongozi, mayi a Akapitawo, gogo wotsimphina amene sankasowa chodandaula. Tiyi ankati ndi wozizira, sopo ankati akutha msanga. Mkamwa mwawo munkakhala mawu amodzi okha otamanda, onena za mwana wawo. Kwa amenewa ukanapitako ndi nkhani yanji?

Choncho Make Kasingano anathothola tsamba lija, kuliponya m'thumba la diresi, n'kutunga ndowa. Anaganiza kuti ndi ludzu. Kamtengo kalikonse anakapatsa ndowa yodzadza, ndipo tiwiri ta kugeti anatipatsa ziwiriziwiri.

M'mawa mwake masamba achikasu anali pa timitengo titatu.

Ntchito yake inali yosoka, pakhonde la sitolo ina ya nsalu m'tauni. Sabata imeneyo anasoka mkono wa bulauzi chagada, ndipo siketi ya mayi wina wamkulu thupi anaipinda mpaka pamwamba pa mawondo, moti mwini wake anafunsa ngati telala akufuna kumuchotsetsa mumpingo. Anzake anafa nazo kuseka, iye n'kusekako ndi mano okha. Phazi linali pa makina, koma mutu unali kunyumba, kumpanda.

Anagula feteleza n'kuthira mosaumira, dzanja lodzadza patsinde lililonse. Anawonjezanso madzi. M'mawa uliwonse, ena asanadzuke, ankathothola masamba onse achikasu, kuwabisa pansi pa zidutswa za nsalu m'chikwama chake, n'kukawataya mu bini ya m'tauni ngati munthu wotaya katundu wakuba. Koma ukathothola asanu lero, mawa upeza khumi akukudikira. Maluwa anayoyoka onse. Timitengo tinayamba kuoneka nthambi, ngati nkhuku yosoka nthenga.

Kenako foni inalira, ali pakati posoka zipi.

"Timitengo?" anafunsa Akapitawo. Za moni analibe nazo nthawi.

"Tili bwino, bambo."

"Unditumizire chithunzi."

Madzulo ake anazungulira mpandawo, kugwada, kupendekeka, mpaka anapeza mbali imene masamba obiriwira anali adakalipo, n'kujambula ali pafupi kwambiri. Yankho silinabwere. Patapita masiku Akapitawo anapemphanso chithunzi china, chotenga mzere wonse, ndipo nthawi imeneyi mbali yabwino inali itatha. Anawauza kuti foni inagwa ndipo galasi lojambulira lasweka. Mu foni ankangomva magalimoto a phula akulira kumbuyo kwawo.

"Chabwino," anatero Akapitawo, n'kudula.

Chabwino ameneyo anakhala akumubwereza mumtima tsiku lonse.

Panjira yopita kokwerera basi panali mayi wina wogulitsa mbande za maluwa m'timachubu takuda, wonenepa, wa chipewa cha mlaza ndi pakamwa posatseka. Make Kasingano ankamudutsa tsiku lililonse osamulabadira, koma tsiku limeneli anaima, n'kutulutsa kanthambi m'chikwama.

"Asisi, tandithandizeni. Timitengo tanga tikufa."

Wamaluwa uja anakatembenuza kanthambiko, kukanunkhiza, n'kufunsa kuti tinawokeredwa liti, ndiponso akutisamala bwanji. Atamva za ndowa ndi feteleza, anagwira m'chiuno.

"Mayo ine! Inu mukulima mpunga kapena maluwa? Mwatimiza, mayi! Ndiye mwatiwotchanso ndi feteleza pamwamba pake. Munthu ali chigonere ndi malungo, inu n'kumamukankhira nyama ya mafuta kukamwa?"

"Nanga si masamba amachita chikasu..."

"Achite! Kamtengo kowokeredwa kali ngati mtsikana wongolowa kumene m'banja, kamayamba kaye kawonda kasanazolowere pakhomo. Mizu inadukaduka pozula, ndiye singathe kudyetsa masamba onse, ena amagwa. Zimenezo si imfa ayi. Imfa ndi madzi anuwo. Mizu imafuna kupuma, ndipo ikakhala m'matope imawola."

Anamugwira dzanja n'kumuonetsa pa kachubu kamodzi. Azipisa chala m'dothi mpaka chilowe theka. Chikatuluka chonyowa, ndowa ikhale pansi, ngakhale mtima ulire bwanji. Feteleza yense amupale n'kumutaya. Patsinde ayale udzu wouma, ndipo dzuwa la masana alitchinge ndi chiguduli. Akafuna kudziwa ngati kamtengo kali moyo, akande khungwa pang'ono ndi chikhadabo: mkati mukakhala mobiriwira, ndiye kuti mwini wake alimo.

"Koma mayi," anawonjezera wamaluwayo akumuyang'anitsitsa, "maluwa okhawa mpaka milomo kuuma chonchi? Ndi a bwana wanu?"

"Ndi a kunyumba," anayankha Make Kasingano, n'kuthamangira basi imene sinali n'komwe yake.

Atafika anagwada pampanda n'kupisa chala. Chinalowa ngati m'phala, ndipo chitatuluka chinali ndi kafungo ka m'ngalande. Anapala feteleza yense ndi supuni yakale, n'kulumbira kuti ndowa saigwiranso. M'mawa mwake sanathirire. Tsiku linalo sanathirirenso, ngakhale manja ankachita kumuyabwa. Kunja dzuwa linali lophulitsa mutu, zovala pachingwe zinkauma usanamalize kuyanika zinzake. Anadikira mpaka tsiku lachitatu, napisanso chala.

Matope okhaokha, kuposa poyamba.

Apa ndiye mantha anasintha mtundu. Mvula sinagwe ngakhale dontho. Anafufuza ngati pansi pali paipi yophulika, koma paipi ya madzi inkalowera mbali ina ya nyumba, ndipo kumeneko kunali gwaa. Anasuzumira kuseri kwa mpanda kuti mwina oyandikana nawo amatayirako madzi ochapira, napeza fumbi lokhalokha. Nanga madziwa akuchokera kuti? Tsiku lililonse akaweruka ankapeza patsinde pali chinyontho chatsopano, dothi lili bii. Anafika poganiza kuti mwina mutu wayamba kumusokonekera, mwina amathirira yekha n'kuiwala. Anayamba kununkhiza ndowa, kuigwira m'kati ngati ndi yonyowa. Galimoto ikaima pamsewu, ankatchera khutu mpaka amve kuti yapitirira.

Chimene chinaulula zonse ndi lamba wa makina. Anaduka dzuwa lili pamutu, wokonza panalibe, ndiye Make Kasingano anangolongedza n'kubwerera kunyumba nthawi imene sankabwera. Atafika pageti anamva kuti chobvu, chobvu, madzi akugwera m'matope. Anasuzumira pa mpata wa geti. Anali apongozi, atawerama ndi bondo lawo lovutalo, ketulo yaikulu m'manja, akuthira pa kamtengo kalikonse uku akung'ung'udza ngati akupemphera.

"Amayi! Mukutani?"

Gogoyo anadzidzimuka mpaka chivindikiro cha ketulo chinagwa. Koma msanga anakonza nkhope n'kuvala ukali wawo wa masiku onse.

"Ndikutaya madzi otsala. Kodi kutaya madzi pakhomo pa mwana wanga ndichite kulembera kalata?"

"Madzi otsala ketulo yodzadza? Mwakhala mukuchita zimenezi kuyambira liti?"

"Kuyambira pamene ndinaona kuti iwe ukutipha! Poyamba unkathirira pang'ono, pano wasiyiratu. Ukufuna Akapitawo adzapeze nkhuni?"

"Ndi madziwo akutipha, amayi! Mizu ikuwola!"

Ali mkati mokokanakokana, anamva mpopi wa kuseri ukutseguka. Posakhalitsa pakona ya nyumba panatulukira Kasingano, yunifolomu ili m'thupi, chikwama cha mabuku chili kumsana, atanyamula ndowa yodzadza ndi manja awiri, madzi akumukhavukira m'masokosi. Anali atalowera kakhomo ka kumbuyo. Ataona mayi ake ndi agogo ake, anaima chilili, ndowa ili lendee.

"Iwe, si uli ndi maphunziro a masana kusukulu?" anafunsa mayi ake.

"Ndimathawa pa buleki, ndikathirira ndimabwerera," anayankha motsitsa mawu. "Ndowa zinayi basi. Nthawi zina zisanu."

Tangoganizani! Mayi ndowa zake m'mawa, gogo ketulo zake masana, mwana ndowa zake pambuyo pake, aliyense mobisa, aliyense akuyesa kuti ali yekha. Ngakhale nthochi ikanapempha chifundo. Make Kasingano anafuna kuseka, koma kuseka kunakanika kutuluka, chifukwa anaona mmene milomo ya mwana wake inkanjenjemerera.

"Wakutuma ndani, mwanangu? Timitengo ta bambo ako tikukukhudza chiyani iwe?"

Kasingano anatula ndowa pansi, maso ali pa nsapato.

"Tikafa adzakweza wailesi," anatero.

Mayi ake anamva ngati wina wawathira madzi ozizira kumsana.

"Wailesi yake iti?"

"Amayi, khoma la chipinda changa ndi lomwelo la chipinda chanu. Kunyumba yakale zinalinso choncho. Wailesi ikakwera ndimadziwa. Ndimaluma pilo kuti ndisakuwe, chifukwa ndikakuwa mwina aziwonjeza."

Make Kasingano anakhala pansi pomwepo, pa dothi, ndi diresi yake ya kuntchito. Zaka zonsezi ankapirira poganiza kuti akutchinjiriza mwana, ankameza kulira kuti mwana agone, osadziwa kuti kuseri kwa khoma mwanayo nayenso akumeza kwake. Anatembenukira kwa apongozi, akuyembekeza mawu awo a masiku onse aja, akuti banja ndi kupirira, za m'nyumba sizituluka panja. Koma gogoyo anali atatsamira mpanda, ketulo ili pansi, akusisita bondo.

"Bondo ili," anatero osayang'ana munthu, "ndinakuuzani kuti ndinaterereka kubafa. Kubafa kwake kuti? Ndinangomuuza kuti mwanawe, dzanja lako likulemera pa mkaziyu. Anandikankha pa masitepe a kukhonde, inu muli kutchalitchi. Ine amene ndinamuyamwitsa."

Madzi a mu ndowa ya Kasingano anasiya kugwedezeka, ndipo patapita kanthawi gogoyo anafenthera m'nsalu yake n'kunena kuti dzuwa likuwawotcha, ngati pali chochita achite msanga.

Kuyambira tsiku limenelo anagwira ntchito atatu. Kasingano anakumba kangalande m'mbali mwa mzere kuti madzi atsike, ndipo anatsikadi, akuda, onunkha. Mayi ake anabaya dothi ndi foloko ya kukhitchini mozungulira tsinde lililonse, pang'onopang'ono kuopa kudula mizu, kuti mpweya ulowe. Makatani akale a kunyumba ija anawalumikiza pa makina n'kuwamanga pa ndodo za nsungwi kuti atchinge dzuwa la masana. Apongozi, amene sankatha kugwada, anadzipatsa udindo wa upolisi. Anakoka mpando n'kukhala pafupi ndi mpopi, ndodo ili pamiyendo.

"Wogwira ndowa ndithana naye," ankatero. "Chala choyamba, ndowa pambuyo!"

Madzulo aliwonse atatuwo ankapita kumpanda, aliyense n'kupisa chala chake, n'kumaonetsana ngati ana. Tsiku lina anaseka mpaka misozi, gogo ataulula kuti ankathirako ndi masamba a tiyi, Kasingano n'kuvomera kuti iye anathirapo shuga chifukwa mnzake wa m'kalasi anati amapatsa mphamvu. Make Kasingano sankakumbuka kuti nyumba imeneyi inamvekapo kuseka kotere. Koma kuseka kwake kunali kwa anthu obisala mvula pansi pa mtengo, maso ali kumwamba.

Dothi litayamba kuuma anakanda makungwa ndi chikhadabo. Koyamba, mobiriwira. Kachiwiri, mobiriwira. Anapitirira choncho mpaka anafika pa tiwiri ta kugeti, tija ankatipatsa ndowa ziwiriziwiri. M'kati munali mofiirira, mouma, ndipo atagwedeza pang'ono kamodzi kanazuka, mizu yake ili yakuda ndi yoterera. Anakabwezera m'dzenje mwakachetechete n'kutsendera dothi.

"Tigule tina kwa wamaluwa uja," anatero Kasingano.

"Ake ndi tating'ono. Ndipo bambo ako timitengo tawo amatidziwa kamodzikamodzi, kuposa mmene amadziwira tsiku limene unabadwa," anayankha mayi ake.

Madzulo omwewo uthenga unalowa pa foni. Unali wa mawu awiri: Ndifika Loweruka.

Timitengo totsalato tinayamba kutulutsa timphukira, tating'ono ngati mpunga, tobiriwira bwino. Tsiku lina lililonse zikanakhala zosangalatsa. Koma maso a Make Kasingano sankaona timphukirato, ankangothamangira ku tiwiri touma ta pageti, pamalo pomwe munthu wolowa amayambira kuyang'ana. Anakonza m'mutu mawu oti adzanene, n'kuwasintha, n'kuwasinthanso. Anachotsa pa tebulo la kuchipinda chilichonse cholemera. Anauza Kasingano kuti Loweruka apite kwa mnzake akawerenge, koma mwanayo anakana kwamtuwagalu, zimene sanachitepo chibadwire.

Loweruka linafika ndi dzuwa loopsa. Makatani aja anawachotsa m'mamawa, pakhomo anasesa, nyama inali pamoto. Kasingano anatuluka m'chipinda chake atavala juzi yaikulu ya nthawi yozizira, ndi buluku la jinzi m'kati mwa siketi.

"Iwe, kutentha konseku? Ukudwala?"

"Ndikumva kuzizira, amayi."

Mayi ake analibe mtima wofunsa zambiri, chifukwa nthawi yomweyo galimoto ya kampani inaima pamsewu, ndipo iyi sinapitirire. Chitseko chinamenyedwa, geti linalira. Akapitawo analowa atada ndi dzuwa, chikwama paphewa, jumbo m'manja. Atatuwo anali ataima pakhonde ngati ana asukulu oyembekeza kuyendera kwa ahedi. Moni wawo sanayankhidwe. Bamboyo anatula katundu pansi n'kupita molunjika kumpanda.

Anayenda mzere wonse pang'onopang'ono, manja kumbuyo. Ankawerama, kugwira kanthambi, kuyang'ana timphukira, kupita pa kena. Anaona kangalande kaja, naona udzu wa patsinde. Make Kasingano ankamva mtima wake ukugunda m'khutu lake lakufa lija. Kenako Akapitawo anabwerera pa tiwiri ta pageti. Anathyola kanthambi, kanalira kuti thyo. Anagwira tsinde n'kukoka, kamtengo kanatuluka kopanda vuto lililonse, ndipo anakakweza m'mwamba n'kuyang'ana mizu yowolayo nthawi yaitali.

Ndiyeno anaseka. Ee, kuseka ndithu, mutu chagada, mano onse panja.

"Tiwiri tokha? Ine ndimayesa ndipeza theka litapita! Mwayesetsa, akazi inu." Anaponya kamtengoko kumbali n'kupukuta manja pa buluku. "Timitengo tikawokeredwa timachita chikasu, timayoyola masamba, kenako timaphukira. Ndi khalidwe lake. Ukangotisiya osatisokoneza timadzuka tokha."

Make Kasingano anamva mawu ake omwe akutuluka asanawaloleze.

"Munkadziwa?"

"Ndisadziwe ine? Ndawokera kangati?"

"Nanga bwanji simunatiuze pochoka?"

"Ndikanakuuzani mukanagona tulo, mukanatayirira," anayankha akumwetulira, ngati munthu wogawa nzeru yaulere. "Munthu amagwira bwino ntchito akakhala ndi kamantha pang'ono. Kumsewu ndimatero, ndipo onani, ngakhale kuno zayenda. Bwera kuno iwe Kasingano, ndakugulira nsapato."

Anatola jumbo ija n'kutambasula dzanja lina kuti amugwire mwanayo paphewa. Dzanja litangokwera, Kasingano anadziponya pansi chogwada, mikono itaphimba mutu.

"Ndine, adadi! Ndine ndinathirira kwambiri! Amayi sanalakwe, menyani ine!"

Mawu amenewa anatuluka mwamsanga komanso mosaphonya, ngati ndakatulo yoloweza pamtima. Zikuoneka kuti zonse zimene bambo ake ananena sanazimve n'komwe, ankangodikira dzanja. Akapitawo anaima ndi jumbo yawo m'manja, kukamwa kuli yasaa.

"Kodi mwanayu wapenga? Ndani wanena zomenya? Nyumba ino muli chiyani kodi?" Anayang'ana mkazi wawo, nayang'ana mayi awo. Anaponya jumbo pa mpando. "Mumuuze asiye zachibwanazo. Ine ndikufuna madzi osamba."

Analowa m'nyumba akuimba kamluzu.

Make Kasingano anagwada kuti adzutse mwana wake. Atamugwira kumsana, dzanja linagunda chinthu cholimba. Anapapasa. Pansi pa juzi panali makope a kusukulu, atayalidwa bwinobwino kuyambira m'mapewa mpaka m'chiuno, atamangidwa ndi lamba wa yunifolomu kuti asagwe. Ena anali m'buluku, kumatako. Mwanayu anali atadzikonzekeretsa yekha m'chipinda mwake, mwina kuyeserera pagalasi, kuti lero alandire zimene mayi ake amalandira.

Mantha amene anakhala nawo masabata onsewa anaphwa nthawi yomweyo, m'malo mwake munalowa china chozizira, chowongoka. Timitengo tapulumuka, lero sakumenyedwa, mawa mwina samenyedwanso. Koma mwana wake wafika pophunzira kuvala makope. Ayi, izi zokha ayi.

Atadzutsa mutu anapeza apongozi akumuyang'ana. Gogoyo anali ataona zonse.

"Mkulu wako uja adakali kutsidya kwa tauni?" anafunsa monong'ona.

"Adakali konko."

"Madzi ndatenthetsa ambiri, ndipo akalowa kubafa amachedwa. Tenga za mwana za kusukulu ndi mapepala ako. Makina ndidzauza wangolo akubweretsere."

"Tiyeni tonse, amayi. Sindingakusiyeni."

"Ndi bondo ili? Mungafike pati? Ine ndinamubereka, ndidziwa pomuyambira. Ndikaona kuti zavuta ndikupezani." Anamukankha paphewa ndi ukali wawo uja. "Fulumira, iwe! Nthawi zonse kuchedwa, ngakhale tiyi amene."

Anatenga chikwama chimodzi. Podutsa pakhomo la bafa ankamva madzi akukhavuka ndi kamluzu kakupitirira, dzanja la mwana lili m'dzanja lake. Geti analitsegula molinyamula kuti lisalire. Anayenda osathamanga mpaka pakona, ndipo atakhota anathamanga.

Basi inali yodzadza ndi yotentha ngati uvuni. Anapeza malo kumpando wakumbuyo, Kasingano atakhala chowongoka ngati thabwa, thukuta likuyenderera m'khosi, maso ali pa zenera la kumbuyo. Anadutsa msika, anadutsa malo ogulitsira mafuta, anawoloka mlatho. Nyumba zitayamba kukhala zachilendo, mwanayo anasendera kukhutu labwino la mayi ake.

"Amayi, ndichotse tsopano?"

"Chotsa, mwanangu."

Anamuthandiza kumasula lamba uja, n'kumasolola makope limodzilimodzi pansi pa juzi, anthu a m'basi akuyang'ana modabwa. Onse anali atanyowa ndi thukuta, inki itafalikira. Kasingano anawasanja pamiyendo, natsamira mpando ndi msana wake weniweni, ndipo apa m'pamene anayamba kulira.